Mpira wanga unagweradi m'nyanja, koma tamverani kaye

Ndabweranso ndi zolemba zanga zazitali zija. Amene bandulo yakutherani musadandaule, muno mulibe video, ndi mawu okhaokha.

Video ija ndaiona, ndipo sindikukana, ndinedi. Loweruka madzulo ndikumenya mpira wa tenisi pakhoma la sitolo yakale ija pafupi ndi doko, mpira unagunda m'mphepete mwa raketi n'kuuluka pamwamba pa thandala la usipa mpaka thibu! m'madzi. Amene anajambula dzanja lake ndi labwino, ndamutayira kamtengo. Dzina latsopano lija ndalimvanso, ati "Nadal wa padoko". Ndalilandira. Nanenso ndinaseka mpaka misozi, sindikunama.

Koma pali chimodzi chimene sindinaseke. Chizungulireni video ija, mphwanga wa Sitandade 7 uja, amene ankabwera madzulo aliwonse ndi anzake atatu kudzamenya nane, sanapondenso pakhoma paja. Nditamufunsa anangoti, "Achimwene, anthu akutiseka." Ndiye chifukwa chake ndalemba izi. Ine ndisekeni mpaka mutatopa, khungu langa linakhwima ndi dzuwa la m'bwato. Koma ndikufuna mumve chimene ndikuphunzira pakhoma paja, chifukwa chimene mpira umathawira choncho, komanso chifukwa chimene ndikunenera kuti kuseka munthu amene ali mkati mophunzira ndi khalidwe limene likutibweza m'mbuyo kuno kwathu.

Ndiyambe ndi mmene ndinakumanira ndi tenisi. Mu 2023 ndinapita ku Dwangwa kukagwira ganyu nyengo yodula nzimbe. Kumeneko kuli kalabu yokhala ndi mabwalo a tenisi, ndipo Lamlungu masana ndinkapita kukatola mipira kuti ndipezeko ya sopo. Panali bambo ena achikulire, opuma pantchito, mutu mbuu ndi imvi, mawondo ofooka kale. Koma anyamata a zibakera ankawaluzira. Ndinkadabwa: mdala sathamanga, samenya mwamphamvu, koma mpira wake umakwera ngati ukupita kunja, kenako n'kutsika mwadzidzidzi mkati mwa mzere, ukagunda pansi n'kudumpha mpaka paphewa la mnyamata. Tsiku lina anandibwereka raketi yakale kuti ndiyese. Ine, mwana wa msodzi, mikono yokoka chilimira kuyambira ndili mwana, ndinaumenya mpira uja ndi mtima wonse. Unapitirira mpanda. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu ndinachepetsa mphamvu, unakodwa mu neti. Mdala anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Mwana wanga, mphamvu uli nazo zochuluka. Chimene ulibe ndi sipini."

Tsopano ndikufotokozereni vuto lake, kuti muone kuti si zamasanje. Bwalo la tenisi ndi lotalika mamita 23.77, neti ili pakatikati, ndipo pakati pake netiyo ndi yokwera masentimita 91.4. Iwe waima kumapeto, mamita pafupifupi 12 kuchokera pa neti. Mpira uyenera kudutsa pamwamba pa neti koma utere usanathe mamita 12 a mbali inayo. Ukaumenya molunjika ndi mphamvu, mpata woti udutsemo umakhala wochepa ngati pakamwa pa mono. Ukakweza pang'ono watuluka, ukatsitsa pang'ono wakodwa. Ife asodzi timafuna zonse zilowe mu ukonde, koma uku ukonde ndi mdani. Ndiye ambiri oyamba kumene amangoukankha mpira mwamantha kuti ungowoloka basi.

Sipini ndi kuuzunguza mpira pamene ukuuluka. Yaikulu imatchedwa topspin: mpira umagudubuzika cha kutsogolo uli m'malere, monga mmene tayala la njinga limazungulirira ukamapalasa. Pamenepo mbali ya pamwamba ya mpira imalimbana ndi mpweya umene ukukumana nawo, pamene mbali ya pansi imayenda nawo limodzi mpweyawo. Mpweya wa pamwamba umachedwa n'kupanikiza, wa pansi umathamanga n'kupepuka, ndiye mpira umakankhidwira pansi. Chifukwa chake ukhoza kuumenya mwamphamvu, n'kuukweza mita yathunthu pamwamba pa neti, koma umatsikabe mkati. Mpata uja umene unali ngati pakamwa pa mono umasanduka khomo lalikulu. Azungu a sayansi amazitchula ndi dzina la Heinrich Gustav Magnus, Mjeremani amene anazifufuza mu 1852. Koma kale mu 1672, Isaac Newton, yemwe uja wa mu Physics ya ku sekondale, anali atalemba kuti anaona mpira wa tenisi ukukhota ukamenyedwa chammbali ndi raketi. Ndiye amene mukuti ndikungotaya nthawi, dziwani kuti Newton nayenso anaimapo kumaonerera zomwezi.

Ndipo inu nomwe mumazikonda zimenezi, kungoti pa mpira wa miyendo. Ndani sanaonepo frikiki ya Roberto Carlos ya mu 1997, Brazil ikusewera ndi France, mpira kuoneka ngati ukupita kutali ndi golo kenako n'kukhota kulowa? Ndi sipini yomweyo, koma ya chammbali. Ndipo pa 25 January 2022 ku Yaoundé, tonse tinakuwa mpaka kusasa mawu pamene Gabadinho Mhango anaumenya kutali, mpira n'kukwera n'kutsikira kumbuyo kwa goloboyi wa Morocco. Usiku womwewo Achraf Hakimi anatiliza ndi frikiki yake, tinaluza 2-1. Mapazi amenewo sanabadwe akudziwa. Nkhani ndi yoti mipira imene iwo anaponya kutchire akuphunzira palibe anaijambula n'kuitumiza pa gulu.

Nanga sipiniyo amaipanga bwanji? Apa ndi pamene ndinazindikira kuti ife ana a kumudzi tinayamba kale. Mukukumbukira nguli? Nguli suimenya pakati. Ukaimenya pakati imagwa n'kugubuduka. Umaikwapula m'mbali, chingwe chimangoipsepsa, ndiye imazungulira mpaka kulira. Mukukumbukiranso kuponya mwala wathyathyathya kuti udumphe pamadzi? Chala cholozera chimaupotokola pomaliza, ukapanda kutero umangoti thibu kamodzi. Dzanja lathu limadziwa kale kuti chinthu chozungulira chimamvera kuposa chinthu chongogendedwa.

Zimene anandiphunzitsa mdala uja ndi izi, ndipo aliyense akhoza kuyesa. Choyamba kagwiridwe. Goneka raketi pansi, kenako itole monga mmene yagonera, chikhatho chili pamwamba pa chogwirira. Ukaitukula uona kuti nkhope yake yaweramira pansi pang'ono. Mtima umakana, umati mpira ulowa mu neti, koma gwira choncho. Chachiwiri, usafinye. Gwira ngati chingwe cha mbedza pamene ukudikira kampango, cholimba moti chisapulumuke koma chomasuka moti uzimva chilichonse. Chachitatu, pinda mawondo, mutu wa raketi utsike kunsi kwa mpira. Chachinayi, raketi ichoke pansi kupita m'mwamba ndi kutsogolo, zingwe zake zipsepse msana wa mpira ngati ukupala mamba a chambo chokweza, ndipo dzanja limalizire paphewa la mbali inayo. Liwiro usachepetse. Ili ndi phunziro limene linandivuta kwambiri: mpira ukamatuluka kunja, mankhwala ake si kumenya mofooka, koma kupsepsa mofulumira.

Pali njira ziwiri zoyeserera zimene sizifuna bwalo. Yoyamba, panikiza mpira pakhoma ndi zingwe za raketi, kenako kweza raketi kuti mpira ugudubuzike chokwera khoma. Chita kambirimbiri mpaka dzanja lizolowere kuti ntchito yake ndi kugudubuza. Yachiwiri, jambula mzere wakuda ndi cholembera kuzungulira mpira. Ukamenya n'kuona mzere uja bwinobwino m'malere, sipini palibe. Ukaona mzere wasokonekera, zayamba kutheka. Khutu nalonso limauza: kumenya kolunjika kumalira "pho", kupsepsa kumalira "shwi". Pakhoma la sitolo lija ndinajambula mizere iwiri ndi khala, wina pa masentimita 91, wina mita imodzi pamwamba pake. Cholinga changa ndi mzere wa pamwambawo, osati wa pansi.

Palinso sipini yobwerera m'mbuyo imene amaitcha slice. Raketi imachoka pamwamba kutsikira kutsogolo, nkhope yake itayang'ana kumwamba pang'ono, ngati ukudula nsima ndi chipande. Mpira wake umayandama, ukagunda pansi sudumpha kwambiri, umangotsetsereka chapansipansi, mnzako n'kumawerama ngati akutola zitowe. Imeneyo sindinaigwire bwino, ndikunena poyera.

Tsopano nayi nkhani yeniyeni, imene video ija sinaonetse. Ukayamba kuphunzira topspin, masewero ako amayamba aipa. Osati pang'ono. Chifukwa raketi ikudutsa mokwera, nthawi yoti zingwe zikumane ndi mpira imachepa. Ukachedwa kapena kufulumira pang'ono, mpira umagunda felemu n'kuthawira kumene ukufuna, monga munaonera. Ku Dwangwa kunali mnzanga wotola naye mipira amene ndinkamugonjetsa ndi kamenyedwe kanga kokankha. Nditasintha kagwiridwe, anandigonjetsa Lamlungu lililonse kwa miyezi iwiri. Ankayimba mluzu pobwerera. Ndinapita kwa mdala n'kunena kuti, "Bambo, zanuzi zandiwonongera." Iwo anati, "Ukafuna kupambana lero, bwerera ku zakale, palibe akukuletsa. Koma pamene wafikapa ndi pomwe udzathere." Ndinakwiya, koma ndinapitiriza. M'mwezi wachitatu, tsiku lina mpira unachoka pa raketi ndi kaphokoso kaja ka "shwi", unakwera, ine n'kuti watuluka, koma unatsika ngati nkhwazi yaona chambo. Mnzanga anangouyang'ana ukudutsa pamwamba pa phewa lake. Kukoma kwa tsiku limenelo sindidzakuiwala.

Nditabwerera kuno, madala anga anandionerera madzulo ena ali kusoka ukonde. Sadziwa tenisi, sadziwa Nadal. Anangoti, "Ukumenya ngati ukupha njoka. Waiwala nkhafi?" Ndinakumbukira. Pamene ankandiphunzitsa kupalasa, ndinkamenya madzi ndi mphamvu zonse, bwato n'kumangozungulira malo amodzi, ana pagombe akuseka. Madala ankati nkhafi siimenya madzi, imawagwira n'kuwakoka, ndipo pomaliza umaipotoza pang'ono kuti bwato lisakhote. Kupotoza kumeneko kunanditengera nyengo yathunthu. Lero ndimawoloka pakamwa pa Chia mwera ukuwomba osaganizira n'komwe za dzanja. Aliyense wa inu amene amapalasa anadutsa m'manyazi omwewo. Kusiyana kwake n'kwakuti nthawi imeneyo kunalibe foni.

Ndikudziwa zimene ena munena, chifukwa mwanena kale pa gulu. Wina anati, "Tenisi sidyetsa munthu." Zoona, aise. Ine sindidzapita ku Wimbledon, zaka zapita, ndipo mawa m'bandakucha ndikhala ndili panyanja monga mwa masiku onse. Koma bawo limadyetsa ndani? Nanga maola amene timathera kukangana za Arsenal ndi Manchester United, kapena za Bullets ndi Wanderers, amagula ufa? Munthu sakhala ndi moyo ndi usipa wokha, amafunanso chinthu chimene dzanja lake likuchidziwa bwino chaka chino kuposa chaka chatha.

Wina anati, "Amenewo ndi masewero a mabwana." Apa pali choonadi pang'ono, sindikana. Mabwalo ambiri m'dziko muno ali m'makalabu ndi m'masukulu a anthu opeza bwino, raketi yatsopano ndi yodula, zingwe zikaduka kuno kulibe wozilumikiza. Koma mpira wa miyendo nawonso unabwera ndi alendo, ife tinaulanda ndi mipira ya mapepala omanga ndi luzi, lero ndi wathu. Ons Jabeur wa ku Tunisia anakulira ku Sousse, tauni ya m'mbali mwa nyanja, ndipo ali mwana ankaphunzirira pa mabwalo a mahotela chifukwa kalabu yake inalibe bwalo. Anafika mu fainolo ya Wimbledon mu 2022 ndi 2023, ndipo chida chake chodziwika ndi slice ndi timipira togwera pafupi ndi neti. Angella Okutoyi wa ku Kenya, woleredwa ndi agogo ake ku Nairobi, anapambana Wimbledon ya atsikana osewera awiriawiri mu 2022. Sindikuti mphwanga adzafika kumeneko. Ndikuti amene akunena kuti manja a ku Africa kuno sanalengedwere raketi akunama.

Wina, amene anayesapo pakhoma paja, anati, "Ine ndimangomenya molunjika ndipo mpira umabwerera bwinobwino, za sipinizo n'zodzionetsera." Inde, lero ukhoza kundiposa. Pakhoma palibe mzere wa kumapeto. Tipite pabwalo, mwera ukuwomba kumbuyo kwako monga umachitira kuyambira May mpaka August, uone mipira yako ikuulukira ku Dwambazi. Rafael Nadal amene mwanditcha dzina lake anapambana French Open maulendo 14, ndipo mipira yake inkazungulira maulendo oposa 3,000 pa mphindi imodzi. Mphamvu anali nazo, koma chimene chinkazisunga mkati mwa mizere ndi sipini.

Chimene chikundiwawa si tenisi yokha. Taganizani bwino, ndi angati pakati pathu amene anasiya chinthu pa sabata yachitatu chifukwa cha kuseka kwathu? Mnyamata akayamba kuphunzira kukonza injini ya boti n'kuiphwasula osatha kuibwezera, timamupatsa dzina limene amafa nalo. Mtsikana akayesa kulankhula Chingerezi n'kuphonya liwu limodzi, timalibwereza mwezi wathunthu. Wina akabwerera kusukulu kukalembanso MSCE timati wakalamba. Kenako timakhala pansi pa mtengo n'kumadandaula kuti injini ikawonongeka mpaka tiitane munthu wa ku Salima. Timafuna anthu odziwa, koma sitifuna kuona munthu akuphunzira. Zimenezo sizitheka. Pakati pa kusadziwa ndi kudziwa pali dambo la matope, ndipo aliyense amatulukamo atada. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ife nkhono isanatulutse n'komwe mutu tayamba kale kuijambula.

Sindikuti tisiye nthabwala. Kunyanja kopanda nthabwala kungakhale kumanda, ndipo usiku wa chilimira sungathe popanda kusereulana. Koma pali kusiyana pakati pa kuseka ndi munthu pamaso, iye n'kukubwezera, ndi kumujambula mobisa n'kutumiza kwa anthu 200 amene sakumudziwa. Wamkulu amapirira. Mwana wa zaka 13 amangosiya mwakachetechete, ndipo sudzadziwa chimene waphetsa.

Ndiye ndikupempha zitatu basi. Choyamba, ana amene ali pakhoma paja musawajambule pokhapokha akakupemphani okha. Chachiwiri, amene mumapita ku kaunjika ku boma, ku Salima kapena ku Lilongwe, mukaona raketi yakale kapena mipira ya tenisi yotha ubweya, tidziwitseni, tisonkherana. Panopa tili ndi maraketi awiri, imodzi felemu yake yomanga ndi ulusi wa ukonde, ndi mipira isanu. Chachitatu, amene munaseka kwambiri, makamaka mwini kamera, bwerani Loweruka 4 koloko madzulo. Ndikupatsani raketi, ndikuonetsani kagwiridwe, ndipo ndikulonjeza kuti foni yanga ikhala m'thumba. Mpira wanu woyamba ukapita m'nyanja, mukautenga nokha.

Za mpira wa mu video uja, musade nkhawa, sunatayike. Ana anausambirira. Mpira wonyowa ndi wolemera, sudumpha ndipo sugwira sipini, ndiye ndinauyanika pathandala masiku awiri. Wauma, koma ukununkha usipa moti galu wa kwa aneba akumautsatira. Dzulo usiku ndinauika pa mphasa ya mphwanga osanena kanthu. M'mawa uno ndapeza palibe, ndipo raketi ya ulusi ija nayonso palibe pamene ndimaikoleka. Sindinamufunse. Ngati mungamuone kuseri kwa sitolo akumenya yekha, mpira ukuthawira uku ndi uku, chonde ingodutsani ngati simunaone.

Tumizirani ena a m'magulu a kunyanja, kuyambira ku Dwangwa mpaka ku Benga. Amene muli ndi maganizo otsutsa yankhani, ndiwerenga ndikatsika m'bwato.

Ndine wanu,
Mwana wa msodzi, amene tsopano mukuti Nadal wa padoko.